Banga la Pamsana pa Rozaria

Rozaria anafika pachitsime dzuwa likungotuluka, mtsuko uli pamutu, akung'ung'udza kanyimbo ka kutchalitchi. Anapeza amayi ambiri atafika kale, ndipo monga mwa masiku onse anatula mtsuko wake pakati pa mitsuko ya anzake. Macheza amene ankawamva ali patali anazima nthawi yomweyo. Mayi wina anakoka mtsuko wake n'kuusendeza chapatali. Wina anaitana mwana wake amene ankasewera pafupi ndi mapazi a Rozaria, n'kumubereka mwachangu, ngakhale mwanayo anali wamkulu, woyenda yekha.

"Mwadzuka bwanji, amayi nonse?" anatero Rozaria akuwomba m'manja.

Anayankha a Nachisale okha, mayi wachikulire amene ankabadwitsa ana ndi kutema mphini m'mudzimo.

"Tadzuka, mwanawe. Koma ubaima pomwepo, ife tiyambe tatunga. Ndipo chikho ichi usachigwire. Mawa ubwere ndi chako."

"Ndalakwanji, amayi?"

"Palibe chimene walakwa. Ukafunse kwanu."

Rozaria anadziyang'ana manja ndi miyendo ngati angapezepo chimene anthuwo ankaona. Kenaka anakumbukira malo amodzi pathupi pake pamene maso ake sakanafika.

Munali m'chaka cha 1938, m'nyengo yozizira, fodya atagulitsidwa kale. Mudzi wawo unali pakati pa Kabudula ndi Nsaru, ndipo m'dera lonselo munalibe munthu wosadziwa kuti Rozaria, mwana wa a Helena, anali pachibwenzi ndi Zakeyo. Zakeyoyu anali telala. Anabwera kuchokera ku Halale ndi makina ake osokera, n'kukhazikika pakhonde la sitolo ya a Chande pa Nsaru. Awiriwa anadziwana tsiku limene Rozaria anakasoketsa diresi la ubatizo. Zakeyo anamufunsa mfunda wake, ndipo kuyambira pamenepo sanamutchulenso dzina lina koma Nambewe, monga mwamuna aitanira mkazi wake. Chikole anapereka, nsalu yabuluu ndi mpango wamaluwa. Chinangotsala n'chakuti ankhoswe akhale pansi.

Banga linamutuluka pamsana m'dzinja. Linali loyererako, lalikulu ngati tsamba la mbatata, pansi pa phewa lamanzere. Amene analiona anali munthu mmodzi yekha, Benedeta, msuweni wake, amene ankagona naye m'gowelo limodzi ndi kusamba naye kumtsinje chiyambire ali ana. Tsiku limenelo Benedeta ankamutsuka kumsana ndi mwala, n'kungoima mwadzidzidzi.

"Ndi kabanga chabe," anatero Benedeta atamufotokozera. "Kadzatha. Koma usauze munthu, ukudziwa pakamwa pa anthu akuno. Ine ndiye ndafa nazo."

Tsopano, ali chiimire pachitsime, Rozaria anafunafuna nkhope ya Benedeta pakati pa amayiwo. Sanaipeze.

* * *

Pofika kunyumba anapeza mlendo. A Januario, atsibweni ake a Zakeyo, anali chilili pabwalo, chipewa chili m'manja. Mphasa inali yoyala koma sanakhalepo. Chikho cha thobwa chinali pansi, chosakhudzidwa. Atsibweni ake a Rozaria anakhala pachitsa atazolika, ndipo a Helena anakhala pakhomo atagwira tsaya.

"Ife sitinabwere ndi ndewu," a Januario ankatero pamene Rozaria ankatula mtsuko. "Mwana wanu ndi waulemu, sitikana. Koma khate ndi khate. M'magazi athu mulibe nthenda imeneyi, ndipo sitingalole mphwathu kudzalowa chikamwini pamudzi pamene adzabereke ana oduka zala. Tapempha chikole chathu."

"Mwaliona ndi maso anu khatelo?" anafunsa atsibweni ake a Rozaria.

"Aliona alipo."

Rozaria anagwada chapatali. Mwambo sunkamulola kulankhula pamaso pa akuluakulu, koma mawu anatuluka okha.

"Kodi a Zakeyo akudziwa kuti mwabwera kuno?"

A Januario sanamuyang'ane. "Akudziwa."

A Helena analowa m'nyumba n'kutuluka ndi nsalu yabuluu ndi mpango uja. A Januario sanazilandire m'manja. Anatambasula thumba lachiguduli, a Helena n'kuponyamo, ndipo mlendoyo analimanga pakamwa zolimba ngati muli njoka.

Atachoka, a Helena anamuitanira mwana wawo kuseri kwa nkhokwe.

"Tsitsa nsalu."

Rozaria anatsitsa n'kutembenuka. Anamva mayi ake akupuma mozama. Anadikira kuti amugwire, monga ankachitira akapsa kapena akalumidwa ndi mavu, koma dzanja silinabwere.

"Unandibisiranji, Rozaria?"

"Ndimati kadzatha, amayi. Sikapweteka."

"Ndiye mmene imayambira." Mayiwo anaima chapatali. "Ine ndili mwana ndinaona ndi maso anga kuthengo, munthu atamukulunga mumphasa, atamumangirira pamphanda ya mtengo. Wakhate saikidwa m'manda, amati nthaka ingaipe, mvula n'kukana. Palibe analira maliro ake. Ndiye iwe, mwana wanga mmodzi wamkazi, akhwangwala akakudyere mumtengo?"

Tsiku lomwelo anamupatulira mbale yake ndi chikho chake. Anamuuza kuti asathirenso mchere m'ndiwo, asanyamule mwana wa munthu, ndipo achoke kugowelo, azigona m'kanyumba kakale kosungiramo makasu. M'mawa mwake a Helena anabwera ndi a Nachisale.

"Aphunzitsi a kutchalitchi asamve zimenezi," anatero a Helena akutseka chitseko. "Mulungu atikhululukira, akudziwa kuti ndine kholo."

A Nachisale anakulunga zala zawo ndi masamba, n'kutema mphini kuzungulira banga lonse, n'kupakamo mankhwala akuda ootcha. Anati pali munthu amene anachita nsanje ndi ukwatiwo n'kumutchera mankhwala panjira. Rozaria analuma nsalu kuti asafuule. Lumo linkapweteka, koma chimene chinkamupweteka kwambiri chinali mawu amodzi aja a a Januario: akudziwa.

* * *

Rozaria anamupeza Benedeta pamtondo, kuseri kwa nyumba ya makolo ake, akukonola yekha. Atamuona Rozaria, Benedeta anaimika munsi, n'kubwerera m'mbuyo pang'ono.

"Usaope," anatero Rozaria. "Ndiima pompano."

"Sindikuopa."

"Unati wafa nazo, Benedeta. Mmene ndikukuonamu uli moyo."

Benedeta anayang'ana mumtondo. "Iwe ukuganiza za iwe wekha. Ine ndagona nawe mphasa imodzi, tafunda nsalu imodzi. Tsiku lililonse ndimadziyang'ana m'manja. Unafuna kuti ndikhale chete mpaka liti?"

"Ukanandiuza ine. Ukanati, tiye kuchipatala. Iwe unasankha kukayala dzina langa pachitsime."

"Pachitsime sindinanenepo kanthu."

"Nanga amayi onse aja anazilota?"

"Ndikulumbira pamtanda, ndinauza munthu mmodzi yekha. Amene anayenera kudziwa."

"Ndani?"

Benedeta anakweza munsi, ndipo pokweza manja nsalu imene anafunda inatsetsereka paphewa. Mkati anavala bulauzi yatsopano yachikasu. Rozaria anayang'ana pakhosi pake n'kuona mizere iwiri ya ulusi yoyenda moyandikana, yokhotera pamodzi pakona. Kasokedwe kameneko ankakadziwa ngati nkhope ya mayi ake. Diresi lake la ubatizo linali nako.

"Yakukhala bwino," anatero Rozaria.

Benedeta anakokera nsalu paphewa. "Ndinasoketsa ngati wina aliyense."

"Unapita ku Nsaru liti, iwe amene umati miyendo imakupweteka ndikakupempha kuti undiperekeze?"

"Msewu wa ku Nsaru si wako."

"Ayi, si wanga."

Benedeta anaponya munsi pansi. Maso ake anali ofiira, ndipo Rozaria sanadziwe ngati unali mkwiyo kapena manyazi.

"Tsiku loyamba lija tinapita tonse, wakumbukira? Ndine ndinayamba kumupatsa moni. Ndine ndinamuseketsa. Koma iye anafunsa mfunda wako, ine ndili pomwepo ngati chitsa. Chilichonse chabwino pamudzi pano chimayamba chapita kwa Rozaria. Ine sindinakupake banga limenelo. Ndinangonena zimene ndinaona."

Rozaria anatembenuka. Anachoka osatsazika. Ali m'njira anaganizira lumbiro la Benedeta. Ngati anauza Zakeyo yekha, nanga nkhaniyo inafika bwanji kwa a Januario ndi pachitsime? Anadziyankha yekha kuti Benedeta ndi wabodza. Yankho linalo sanafune n'kuliyandikira komwe.

* * *

Mphini zinatupa n'kuyamba mafinya. A Helena ataona kuti mwana wawo akutentha thupi, mantha a imfa anaposa mantha a manyazi, ndipo anavomera zopita kuchipatala cha amishoni ku Nambuma. Anayenda ulendo wonse mayi patsogolo, mwana pambuyo, pakati pawo pali mpata woti n'kudutsa ng'ombe.

Pachipatalapo anawalandira a Elifasi, bambo wamfupi wa imvi m'ndevu, amene ankathandiza asisteri kutsuka mabala. Atamva nkhaniyo sanasendere m'mbuyo. Anamukhazika Rozaria pabenchi, n'kuitana asisteri achizungu, amene anabwera akupukuta m'manja.

Asisteriwo anayang'ana mphini zija n'kupukusa mutu, koma sanakalipe. Anagwira bangalo ndi dzanja lawo lenileni, lopanda masamba. Rozaria anadzidzimuka. Chichokereni pachitsime paja, aka kanali koyamba munthu kumukhudza khungu ndi khungu, ndipo misozi inangotsika yokha.

"Tikumanga m'maso," anatero a Elifasi. "Ukamva kanthu pamsana, unene, ndipo uloze pamene wamvapo."

Anamumanga kansalu. Kunali zii. Kenaka china chake chofewa ngati nthenga chinamukhudza.

"Ndamva. Apa."

"Nanga tsopano?"

"Apa, m'munsi pang'ono."

Anatero kangapo ndi thonje, kenaka ndi nsonga ya singano, kenaka ndi kabotolo ka madzi ofunda ndi kena ka madzi ozizira. Rozaria sanaphonye ngakhale kamodzi. Atamumasula anaona a Elifasi akumwetulira.

"Amayi, mwana wanu alibe khate," anatero bamboyo kwa a Helena. "Ichi ndi chikanga wamba, chimene chimabwera ndi thukuta la m'dzinja. Tikupatsani mafuta opaka. Banga la khate limakhala lakufa. Ungalibaye, ungalitenthe, mwini wake samva. N'chifukwa chake odwala amaduka zala. Si nthendayo imene imazidya, koma amapsa ndi kuvulala osadziwa."

"Ndiye si zolodzedwa?" anafunsa a Helena.

"Chimene chikanamupha mwanayu ndi lumo lija. Ndipo ngakhale likanakhala khate, tikanamutumiza ku Mua, kumene odwala amalandira jekeseni wa mafuta. Wofika msanga amapulumutsa manja ake. Wobisa ndiye amataya zonse."

A Helena anagwa pansi n'kugwira miyendo ya mwana wawo, akulira ndi kupepesa. Rozaria anawasisita pamutu, koma mtima wake unali utanyamuka kale. Pobwerera, atafika pamphambano, anawauza mayi ake kuti atsogole.

"Ukupita kuti?"

"Ku Nsaru. Ndikufuna amve kuchokera pakamwa panga."

* * *

Anafika pa Nsaru masana, fumbi lili mbuu m'miyendo. Pakhomo la sitolo panali a Zuleha, akazi a a Chande, atafunda mpango woyera kumutu, akupeta mpunga. Nkhani ya Rozaria anali ataimva, chifukwa inali itafika paliponse pamene anthu amagula mchere. Komabe analowa m'nyumba n'kutuluka ndi madzi m'kapu yawo yomwe.

"Imwa, mwanangu, wayenda."

"Amayi, simunamve zimene akunena za ine?"

"Ndinamva. Kwathu amati matenda amagawa ndi Mulungu, kapu sigawa. Imwa." Kenaka analoza ndi mutu kumapeto kwa khonde. "Ali uko. Chiyambire nkhani imeneyi sakudya bwino."

Zakeyo anali chilili patebulo, akusita jekete la munthu ndi simbi yamakala. Atamuona anaima, simbi ili m'manja.

"Nambewe."

"Dzina limenelo linapita m'thumba lachiguduli pamodzi ndi chikole. Ndine Rozaria."

Zakeyo anaimika simbi patebulo. Anali wowonda kuposa mmene Rozaria anamuonera komaliza, ndipo maso ake ankathawathawa.

"Ndachokera ku Nambuma," anatero Rozaria. "Asisteri andiyeza. Ndilibe khate. Ndi chikanga."

Ankayembekezera kuti Zakeyo asangalala, kapena achita manyazi, kapena agwada. Koma nkhope ya mnyamatayo inangogwa, ngati munthu amene wamva za maliro.

"Ulibe?"

"Ndilibe. Kodi zakukhumudwitsani?"

"Ayi. Ayi, ndathokoza Mulungu."

"Ndiye ndiyankheni. Benedeta atabwera kudzakuuzani, munalekeranji kubwera kwa ine? Njira ya kwathu mumaidziwa. Mukanandifunsa, ndikanakuonetsani. Munandisiya ndidye pandekha ngati galu, ndigone ndi makasu, anditeme ndi lumo. Inu muli pano kusoka mabulauzi achikasu."

"Rozaria, zinthu zake n'zovuta."

"Atsibweni anu anamva kwa yani?"

Zakeyo anawerama. Anatsamira tebulo ndi dzanja lamanzere.

"Ndikufunsa, a Zakeyo. Benedeta walumbira kuti anauza inu nokha."

"Ndinawauza ndine."

"Nanga pachitsime?"

"Ndinawapempha atsibweni kuti asabise. Ndinati anthu adziwe chifukwa chake ukwati watha."

Rozaria anafuna kukhala pansi, koma anadziletsa. Ali chiyang'anire munthu amene ankati adzakhala bambo wa ana ake, fungo lina linamufika m'mphuno, fungo ngati la chikopa cha mbuzi chikagwera pamoto. Anayang'ana patebulo. Mbali ya dzanja la Zakeyo, kuyambira kachala kakang'ono mpaka pamkono, inali itatsamira pasimbi yotentha ija. Kautsi kankakwera. Zakeyo ankangoyang'ana pansi, akufunafuna mawu.

"A Zakeyo," anatero Rozaria chapansipansi. "Dzanja lanu."

Zakeyo anayang'ana, n'kulichotsa mwachangu. Khungu linali litayera, litakwinyika, koma pankhope pake panalibe ululu. Panali mantha okha. Analibisa kumbuyo.

"Linayamba liti?" anafunsa Rozaria.

Zakeyo anasuzumira kumene kunali a Zuleha, n'kutsitsa mawu.

"Ndili ku Halale. Poyamba kanali kadzanzi m'kachala. Kenaka banga pantchafu. Ndinamwa mankhwala a asing'anga atatu. Ndimati lalekeka."

"Ndiye munandifunsira mukudziwa."

"Ndinakukonda, Rozaria. Ndimafuna kukhala ngati munthu."

"Ndipo Benedeta atakuuzani za banga langa?"

"Ndinaganiza kuti ndakupatsira ndine. Ndinkakugwira dzanja, tinkamwera chikho chimodzi. Ndinalira, Mulungu ndi mboni."

"Munalira, kenaka munatuma atsibweni anu kukalengeza."

"Telala wakhate ndani angamupatse nsalu yake? A Chande angandisunge pakhonde pano? Langa lidzaonekera, sindingalibise mpaka kale. Ndinaganiza kuti, popeza nawenso unali nalo kale, anthu atayamba amva za iwe..."

Sanamalize. Anamaliza ndi Rozaria.

"Tsiku limene lanu lidzaonekere, anthu adzati munalitenga kwa ine. Mbumba yanu idzakhala yoyera. Wodetsedwa adzakhala mwana wa a Helena."

Zakeyo sanakane.

Rozaria anadabwa kuti misozi sinabwere. Anali atalira ku Nambuma, koma pano m'maso munali gwa. Anakumbukira mmene ankaimira kuseri kwa tchalitchi kudikira kuti munthu ameneyu adutse, mmene anakanira anyamata awiri a kwa Kabudula chifukwa cha iye. Masiku onse amene ankagona m'kanyumba ka makasu ankamupezera zifukwa: mwina atsibweni amukakamiza, mwina akudwala, mwina akubwera mawa. Kudwala ankadwaladi.

"Pitani ku Nambuma," anatero. "Akuti wofika msanga amapulumutsa manja. Inu mumadya ndi manja."

"Akanditumiza ku Mua, ndiye kuti ndafa ndili moyo. Rozaria, ndagwira mwendo wako, usauze munthu. Undipatse nthawi, ndipeze njira. Ngati unandikondapo ngakhale pang'ono..."

"Mukundipempha kuti ndikusungireni chinsinsi. Inu."

"Ndilibe wina."

* * *

"Odi pano."

Onse awiri anatembenuka. Benedeta ankakwera pakhonde, atavala bulauzi yachikasu ija poyera, m'manja ali ndi kadengu kovundikira ndi nsalu. Ataona Rozaria anaima pang'ono, kenaka anadutsa pafupi naye atakweza mutu, n'kuika kadenguko pambali pa makina ngati munthu wozolowera malowo.

"Ndakubweretserani mbatata ndi chiponde," anamuuza Zakeyo. Kenaka anatembenukira kwa Rozaria. "Sindimadziwa kuti ukuyendabe pakati pa anthu."

"Ndikuyenda."

"Bola wabwera, umvere pompano, usadzati ndinakubisira. A Januario anafika kwathu dzulo. Ankhoswe agwirizana. Lamulungu likubwerali aphunzitsi atchula maina athu m'tchalitchi."

Rozaria anayang'ana Zakeyo. Zakeyo ankayang'ana makina ake.

"Mwafulumira," anatero Rozaria.

"Pali chotifulumizitsa." Benedeta anaika dzanja pamimba pake. "Mwezi wandidumpha kawiri. Amayi sakudziwa, ndiwe woyamba. Tinkauzana zonse kale, eti?"

Kawiri. Rozaria anawerenga m'mutu mwake, n'kupeza kuti nthawi imeneyo chikole chinali chidakali m'nyumba ya mayi ake, ndipo iye ndi Benedeta ankafundabe nsalu imodzi.

"Mwagwiranji kumbuyoko?" Benedeta anamufunsa Zakeyo. Asanayankhe anali atamukoka kale mkono. Ataona chilondacho anatulutsa kamawu ka chisoni, n'kulikweza dzanjalo kukamwa kwake, n'kuyamba kuliuzira mpweya monga mayi achitira ndi mwana. Milomo yake inkakhudza khungu lopsalo. "Mwapsanso? Sabata yatha chinali chala. Inu simusamala, a Zakeyo. Ndipo ndinu olimba mtima, chilonda chonsechi osalira n'komwe."

Rozaria anamuyang'ana msuweni wakeyo. Uyu ndi amene anamugulitsa chifukwa cha nsanje. Uyunso ndi amene anamuphunzitsa kuluka mikanda ya m'chiuno, amene anamubereka kumsana kuchokera kudambo tsiku limene analasidwa ndi chitsotso. Akangokhala chete, Benedeta adzalandira zonse zimene anasirira, mpaka mbale yakeyake ndi kanyumba ka makasu, ndipo anthu adzaloza Rozaria kuti ndiye anabweretsa nthendayo. Akanena, Zakeyo sadzasokanso nsalu ya munthu, ndipo mwana ali m'mimbayo adzabadwa ndi dzina loipa asanaone dzuwa.

Pamwamba pa mutu wa Benedeta, maso a Zakeyo ankamupempha. Chakukhomo la sitolo, a Zuleha anali atasiya kupeta, lichero lili pamiyendo, ndipo Rozaria sanadziwe kuti amva zochuluka bwanji.

"Amayi ako anakumana ndi amayi anga panjira pamene mumapita," anatero Benedeta osakweza mutu, akumanga dzanjalo ndi kansalu. "Akuti munapita kwa asisteri. Akuuza zotani?"

Rozaria anapuma.

"Andiuza kuti ine ndilibe," anatero. "Andiphunzitsanso mmene munthu amene ali nalo amadziwikira."

Benedeta anaseka pang'ono, akumangabe mfundo. "Amadziwika bwanji?"

Rozaria anangoyang'ana dzanja limene Benedeta analigwira. Benedeta anadikira, kenaka anakweza maso, n'kutsatira kumene Rozaria ankayang'ana. Zala zake zinaima pamfundo paja.